Kodi Mtengo wa Chimanga wa pa Ntchisi Umamvera wa pa Mponela?

Munthu amene wakhala m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi kwa zaka zingapo sasowa womuuza kuti chimanga chili ndi mitengo iwiri pa chaka: wina wa mu Meyi ndi Juni, pamene nkhokwe zadzaza ndipo mavenda apachika masikelo awo pamthunzi m'mbali mwa msewu, ndi wina wa mu Januwale ndi Febuluwale, pamene nkhokwe zomwezo zaoneka pansi, ndipo mayi amene anagulitsa thumba lathunthu pokolola wabwerera kumsika ndi kambale kudzagula cha tsiku limodzi. Izi n'zodziwika kwa ana omwe. Chimene sichidziwika msanga, ngakhale kwa akuluakulu a m'maofesi a ku Lilongwe, ndi chakuti mtengo ukakwera pa Mponela, pamsewu waukulu wa M1 pamene malole amadutsa usana ndi usiku, kodi umakoka wa pa Ntchisi, wa pa Malomo ndi wa pa boma la Dowa kuti ukwere nawo, kapena msika uliwonse umangoyenda wokha monga mwa mvula ndi njala ya kwawoko.

Funsoli lingaoneke ngati la anthu okhuta, koma moyo wa anthu ambiri wapachikika pa yankho lake. Boma likatsegula nkhokwe zake za ku Kanengo m'chaka cha njala, liyenera kudziwa ngati chimanga chotsitsidwa pamisika ya mumzinda chidzafewetsa mtengo kufikira kumapiri, kapena ngati liyenera kuchinyamula lokha mpaka ku Nthondo. Pakuti misika ikakhala yolumikizana, thandizo loperekedwa pamalo amodzi limafalikira ndi manja a amalonda, koma ikakhala yosalumikizana, mudzi wina ungagone ndi njala pamene mudzi wa tsidya lina la phiri chimanga chikufumbwa m'matumba. Yosefe ku Igupto, Buku Lopatulika limatiuza, anasunga tirigu m'mizinda yosiyanasiyana, uliwonse ndi zokolola za minda yozungulira pomwepo; iye analibe misewu ya phula yoti aidalire. Ife tili nayo ina, ndipo tiyenera kudziwa kuti tingaidalire kufikira pati.

Njira yoyamba imene imabwera m'maganizo ndi yolemba mtengo wa pa Mponela mwezi ndi mwezi kwa zaka khumi kapena makumi awiri, kulembanso wa pa Ntchisi pambali pake, n'kujambula mizere iwiri papepala. Ndipo poona kuti mizere yonse iwiri ikukwera pamodzi kuchokera kumunsi kwa pepala kufikira kumwamba, munthu n'kunena kuti nkhani yatha, misikayi ndi yolumikizana. Komatu akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. M'dziko lathu lino pafupifupi chinthu chilichonse chowerengedwa ndi kwacha chakhala chikukwera: chimanga, sopo, fizi ya sukulu, mtengo wa minibasi. Mutati mujambule mtengo wa chimanga wa pa Madisi pambali pa chiwerengero cha anthu okhala ndi mafoni a m'manja m'Malawi, mizereyo idzakwerera limodzi mokongola, koma palibe wanzeru amene anganene kuti china chikukoka chinzake.

Msampha umenewu unaonedwa kalekale. M'chaka cha 1926 katswiri wa ziwerengero wa ku Britain, George Udny Yule, anaonetsa kuti kuyambira 1866 kufikira 1911 gawo la maukwati omangidwa mu Church of England linkatsika limodzi ndi chiwerengero cha imfa m'dzikomo, mogwirizana kwambiri kotero kuti munthu wosasamala akanalalikira kuti ukwati wa m'tchalitchi umafupikitsa moyo. Mu 1974 Clive Granger ndi Paul Newbold, a pa yunivesite ya Nottingham, anapanga ndi kompyuta mindandanda ya manambala yongoyenda mwachisawawa, yosadziwana konse, naiyesa iwiriiwiri ndi masamu amene akatswiri a zachuma ankawakhulupirira nthawi imeneyo. Ndipo pafupifupi katatu mwa kanayi kalikonse masamuwo anachitira umboni kuti pali ubale, pamene ubale panalibe. Patapita zaka zochepa, mu 1980, David Hendry anaonetsa kuti ngakhale mvula yonse imene inagwa ku Britain, mukamaiwonkhetsa motsatana ndi nthawi, ingaoneke ngati ikulongosola bwino kukwera kwa mitengo ya zinthu kumeneko. Apa panaonekera poyera kuti mabuku ambiri a zachuma anamangidwa pamchenga.

Gwero la vutoli ndi lakuti manambala olembedwa motsatana ndi nthawi ali amitundu iwiri, ndipo kusiyana kwake aliyense amene anawetapo ng'ombe angakumve. Ng'ombe yomangidwa pachikhomo imayendayenda, ipita kum'mawa, ipita kumadzulo, koma chingwe chikatha imabwerera, kotero kuti mukaifuna madzulo mudziwa pokaiyang'ana. Ng'ombe yomasuka ilibe pobwerera: pamene yafika lero ndi pamene iyambire mawa, ndipo phazi lililonse limene yaponda, kaya chifukwa cha msipu kaya chifukwa cha galu woiopseza, limawonjezera pa ulendo wake mpaka kalekale. Mndandanda wa mtundu woyamba umaiwala zoudzidzimutsa. Wa mtundu wachiwiri suiwala kanthu.

Tiyerekeze ndi manambala ongopeka kuti timvetse. Tinene kuti mlatho wakokoloka, ndipo mtengo wa kilogalamu ya chimanga wakwera ndi K100 pamwamba pa mulingo wake wa masiku onse. Ngati mwezi uliwonse theka lokha la kukwerako ndilo limatsala, mwezi wotsatira padzatsala K50, kenaka K25, kenaka K12 ndi kanthu, ndipo pomatha miyezi isanu ndi umodzi za mlathowo zidzakhala zitazilala. Madzi saiwala khwawa. Koma ngati chimene chimatsala mwezi uliwonse si theka, kapena magawo asanu ndi anayi mwa khumi, koma chinthu chathunthu, ndiye kuti K100 ija sidzachokanso, ndipo chodzidzimutsa cha mawa chidzangosanjikika pamwamba pake. Nambala yotsalira ikakhala 1 wathunthu motere, akatswiri amati mndandandawo uli ndi unit root. Ndipo mindandanda iwiri yotere, popeza uliwonse ukupita kutali osabwerera, imaoneka ngati ikuperekezana kapena ikuthawana ngakhale isakudziwana.

Tsono munthu angadziwe bwanji ngati mtengo wa pa Ntchisi uli pachikhomo kapena ndi womasuka? Mayeso odziwika kwambiri anawakonza David Dickey ndi mphunzitsi wake Wayne Fuller wa pa Iowa State University, nawasindikiza mu 1979. Maganizo ake ndi osavuta, ngakhale masamu ake ndi ozama. Mumatenga kusintha kwa mtengo kwa mwezi uliwonse, n'kukuyerekeza ndi pamene mtengowo unali mwezi wapitawo. Ngati nthawi zonse mtengo ukakhala pamwamba kwambiri mwezi wotsatira umakonda kutsika, ndipo ukakhala pansi kwambiri umakonda kukwera, ndiye kuti chingwe chilipo. Koma ngati kusintha kwa mwezi uno sikusamala konse za pamene mtengo unali, chingwe palibe. Chimene awiriwa anazindikira n'chakuti muyeso wozolowereka umanyenga pa ntchito imeneyi: nambala ya pafupifupi 2, imene imakwanira kukhala umboni m'mayeso wamba, pano ndi yopepuka, ndipo munthu ayenera kuona nambala yofika cha m'ma -2.9 asananene molimba mtima kuti mtengowo umabwerera. Pamene Charles Nelson ndi Charles Plosser anayesa motere mindandanda 14 ya chuma cha America mu 1982, anapeza kuti 13 mwa iyo sanathe kuitsimikizira kuti imabwerera. Mitengo ya chimanga ya m'dziko lathu, ikalembedwa m'makwacha monga ilili, siingayembekezeke kuchita bwino koposa pamenepo, popeza kwachayo payokha ilibe chikhomo.

Akatswiri ena, atachita mantha ndi zimenezi, anaganiza zosiya kuyang'ana mitengo yeniyeni n'kumangoyerekeza kusintha kwa mwezi ndi mwezi. Njira imeneyi imathawa msampha, inde, koma imataya chinthu chimene tikuchifunacho, pakuti funso lathu silili pa kugwedezeka kwa mwezi umodzi koma pa ubale wokhalitsa wa misika iwiri. Apa ndi pamene Granger yemwe uja, atasamukira ku San Diego, anaona chinthu chimene chinasintha phunziro lonse. Ng'ombe ziwiri zikhoza kukhala zomasuka, zopanda chikhomo, zongoyenda kumene zafuna, koma zili m'goli limodzi. Simungadziwe kumene zidzakhale madzulo, kaya kudambo kaya kuphiri. Chimene mungadziwe n'chakuti kumene kuli imodzi inzake ili pomwepo, ndipo ina ikati itsogole goli limaibweza kapena kukoka yotsalirayo. Mitengo iwiri imene uliwonse pawokha subwerera, koma mpata wa pakati pawo umabwerera, ndiyo imene akatswiri amati ili ndi cointegration.

Granger ndi mnzake Robert Engle analongosola mu 1987 m'mene munthu angayesere zimenezi, ndipo ntchito yake ili m'magawo awiri. Poyamba mumapeza mzere umene ukulumikiza mtengo wa msika wina ndi wa unzake, monga kunena kuti mtengo wa pa Mponela umakhala wofanana ndi wa pa Ntchisi kuwonjezapo ndalama yonyamulira ndi phindu la wamalonda. Kenaka mumatenga zotsala, ndiko kuti kusiyana kwa mtengo weniweni wa mwezi uliwonse ndi umene mzerewo unalosera, n'kuziyesa ndi mayeso a Dickey ndi Fuller aja. Zotsalazo zikamabwerera, goli lilipo. Zikamangosochera, kukwerera limodzi kumene munakuona papepala kunali kwa maso okha. Ndipo popeza mzere woyambawo unasankhidwa dala kuti zotsala zichepe, umboni wake uyenera kulemera koposa, nambala yofika cha m'ma -3.3 pa misika iwiri. Chaka chotsatira, mu 1988, Søren Johansen wa ku Copenhagen anapereka njira yoyesera misika yambiri nthawi imodzi, imene ingatiuze ngati Mponela, Madisi, Ntchisi ndi Lilongwe ali m'goli limodzi onse kapena ali awiriawiri. Mu 2003 Granger ndi Engle analandira mphoto ya Nobel ya zachuma, ndipo cointegration ndiyo inatchulidwa pa gawo la Granger.

Koma goli limeneli pakati pa misika si chinthu cha m'mabuku, ndi munthu wa thupi ndi mwazi. Ndi venda uja wakhala pa thumba lopanda kanthu pafupi ndi sikelo yake, foni ili kukhutu, kufunsa mnzake wa pa Mponela kuti lero chikupita bwanji. Akamva mtengo amalemba padzanja kapena pachikutiro cha kope, n'kuchotsapo ya lole pa thumba, ya anyamata okweza ndi kutsitsa, ya matumba ndi ulusi wosokera, ya chiphaso cha pamsika, ndi kuchepa kwa makilogalamu chimanga chikamauma panjira. Ndipo chotsalacho chikamkomera, amakweza pang'ono mtengo wogulira kuti adzaze lole msanga anzake asanamve. Akachita chimodzimodzi amalonda khumi, mtengo wa kumapiri umakwera, wa pa Mponela umafewa ndi matumba amene atsitsidwa, ndipo mpata uja umatsekeka. Masamu a Engle ndi Granger amatha kuyesa kuti mpatawo umatsekeka mofulumira bwanji, kaya theka lake m'masabata awiri kaya m'miyezi itatu, ndiponso kuti ndi msika uti umene umagonjera unzake. Kwa ine nambala ya liwiro imeneyi ndi yofunika koposa yankho lakuti inde kapena iyayi, pakuti banja limene nkhokwe yake yatha mu Januwale silingadikire kuti mitengo idzagwirizane mu Epulo.

Mayeso amenewa anafika kale m'dziko lathu. ADMARC, imene inakhazikitsidwa mu 1971, kwa zaka zambiri ndiyo inali mwini msika wa zokolola za alimi ang'onoang'ono, kugula ndi kugulitsa pa mtengo woikidwa ndi boma, mpaka mu 1987 pamene amalonda wamba analoledwa mwalamulo kulowa m'malonda amenewa. Ambiri anafunsa ngati kusinthako kunathandiza, ndipo mu 1994 Francesco Goletti ndi Suresh Babu a bungwe la IFPRI anasindikiza kafukufuku wa mitengo ya chimanga ya m'misika ya Malawi, m'mene anagwiritsa ntchito cointegration pamodzi ndi miyeso ina, napeza kuti misika inayamba kumverana kwambiri malonda atamasulidwa kusiyana ndi kale. Chimenechi n'chofunika kuchidziwa. Komabe amene anaona njala ya 2002, pamene mtengo wa chimanga unakwera kangapo konse m'miyezi yowerengeka ndipo boma linalengeza mu Febuluwale kuti dziko lili pa ngozi, adziwa kuti misika yomverana imafalitsa mtengo wowawa mofulumira monga momwe imafalitsira wofewa, ndipo kumverana kwa misika sikubala chimanga pamene m'dziko mulibe.

Ndiyenera kuchenjeza ophunzira athu a ku Bunda ndi ku Zomba, amene masiku ano amatha kuchita mayeso onsewa m'mphindi zochepa pa kompyuta, kuti chida chimenechi chimafuna dzanja lodekha. Mayeso a Dickey ndi Fuller amayamba ndi kuganiza kuti chikhomo palibe, ndipo amasintha maganizo pokhapokha umboni ukachuluka. Chotero akalephera kuona chingwe sindiye kuti chingwe kulibe, mwina n'chachitali chabe, ndipo zaka zimene mwalemba n'zochepa kuti muone ng'ombe ikubwerera. Kuona maso a nkhono n'kudekha: mitengo ya zaka zitatu siikwanira, ngakhale mutailemba tsiku ndi tsiku. Palinso vuto limene Pierre Perron analionetsa mu 1989, lakuti chinthu chachikulu chikachitika kamodzi n'kusuntha mulingo wonse, mayesowo amasokonezeka n'kunena kuti mndandanda ndi wosochera pamene chikhomo changozulidwa n'kukhomedwa pena. Ife zoterezi tili nazo zambiri: kwacha inalekedwa kuti iziyenda yokha mu 1994, inagwetsedwa mphamvu kwambiri mu Meyi 2012, kenaka ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Wofufuza amene sachotsa kaye kukwera kwa mitengo ya zinthu zonse, pogwiritsa ntchito ziwerengero za National Statistical Office, akhoza kupeza kuti misika iwiri ili m'goli limodzi pamene sinatumizirane thumba ngakhale limodzi, chifukwa chimene chaikoka yonse ndi kwacha ndi mtengo wa mafuta a galimoto. Ayeneranso kulekanitsa kukwera ndi kutsika kwa nyengo, kumene kumachitika chaka chilichonse m'misika yonse chifukwa tonse timakolola nthawi imodzi.

Chinanso chimene anthu a kumapiri amachidziwa koposa makompyuta n'chakuti venda sanyamuka mpata ukakhala wochepa. Ngati kusiyana kwa mitengo sikukwanira kulipira lole, palibe amene amasuntha thumba, ndipo mitengo iwiriyo imayendayenda yokha m'kati mwa mpata umenewo ngati yosadziwana. Goli limayamba kukoka pokhapokha kusiyanako kukapitirira ndalama yonyamulira. Ndalama imeneyi siyofanana chaka chonse, pakuti msewu wafumbi umene lole imadutsa bwinobwino mu Ogasiti umasanduka thope mu Febuluwale, nthawi yomwe chimanga chikufunika koposa. Ndipo chimanga chimene chinatsika m'mapiri pokolola kupita ku Lilongwe chikhoza kubwereranso kumtunda nthawi ya njala, kotero kuti msika umene unali wotsika mtengo mu Juni ndiwo wokwera mu Januwale. Akatswiri anakonza mayeso ena amene amasamala za malire otere, koma amafuna kudziwa mtengo wonyamulira wa nyengo iliyonse, umene kawirikawiri sulembedwa ndi wina aliyense.

Apa ndipo pali chimene chimandipweteka mtima. Mayeso onsewa amadya manambala, ndipo manambala amene alipo, kaya otoleredwa ndi Unduna wa Zamalimidwe kaya amene IFPRI imafalitsa mwezi ndi mwezi, ndi a mitengo ya pamisika yodziwika. Mlimi wa kuseri kwa phiri la Ntchisi, amene amagulitsa ndowa ziwiri pakhomo pake kwa munthu wa njinga chifukwa mwana wadwala, mtengo wake sulowa m'buku lililonse. Sikelo imene inamudyera makilogalamu awiri pa thumba siioneka m'masamu a Johansen. Ndipo mtengo wotsikitsitsa umene boma limalengeza chaka ndi chaka, ngati unafika pakhomo pakepo kapena unathera pa wailesi, palibe mayeso amene angatiuze popanda munthu wolemba. Tikhoza kutsimikiza kuti Mponela amamvera Lilongwe m'masabata ochepa, n'kukhalabe osadziwa ngati mudzi wa makilomita khumi kuchokera paphula umamvera Mponela.

Chotero pempho langa likupita kwa alangizi a zaulimi, kwa alembi a makopaletivu ndi makalabu a alimi, kwa aphunzitsi a masukulu a m'midzi ya Dowa ndi Ntchisi, ndi kwa mafumu athu amene mawu awo amamveka pabwalo. Gulani kope limodzi, musankhe tsiku limodzi pa sabata, ndipo mulembemo mtengo umene chimanga, soya ndi mtedza zagulidwira pamudzi panupo, muyeso umene wagwiritsidwa ntchito, ndi ndalama imene lole kapena ngolo ikulipiritsa pa thumba kukafika pamsika waukulu. Musadumphe sabata, makamaka m'miyezi ya mvula pamene kulemba kumatopetsa, ndipo kope likadzaza mulisunge pouma n'kuyamba lina. Ndipo inu ana athu a m'mayunivesite, musanayambe mayeso pa kompyuta, kwerani kumapiri kuno mudzafunse makope amenewo.